Mphaka Woluma Mchira Wake

Munthu wolankhula Chichewa akamva ululu sadziika patsogolo pa chiganizo. Amati mutu ukundipweteka, dzino likundiwawa, msana ukundiyabwa. Chiwalo ndicho chimakhala mwininkhani, ndipo mwini thupi amatsala ngati pamtherankhani, wongochitiridwa. Wa ku Dedza, wa ku Katete ndi wa ku Angónia amasiyana pa mawu ena, wina n'kumati mphaka pamene mnzake akuti chona, koma pa kamangidwe aka ka chiganizo onse amayenda njira imodzi. Chodabwitsa n'chakuti munthu yemweyo akaona nyama ikulimbana ndi chiwalo chake, chiganizocho amachitembenuza. Sanena kuti mchira ukumupweteka mphakayu. Amati mphakayu akudziluma. Mphatikiri -dzi- amasenzetsa nyamayo mlandu wonse: woluma ndi iyeyo, wolumidwa ndi iyeyo, choncho woyenera kudzudzulidwa ndi iyeyonso. Chiganizo choyambacho chimachititsa munthu kufunafuna mankhwala, pamene chachiwiricho chimamuchititsa kutola ndodo, ndipo mphaka wina wa ku Fordsburg anatsala pang'ono kutayidwa chifukwa anthu omuzungulira anathamangira chachiwiricho.

Fordsburg ndi dera lakale limene lili chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Johannesburg. Malonda ake ambiri amazungulira Oriental Plaza, chimsika chimene boma la tsankho linamanga m'zaka za m'ma 1970 kuti lisamutsireko amalonda achimwenye amene linawachotsa ku Pageview potsatira lamulo la Group Areas Act la 1950. Lero munthu akamayenda mu Mint Road amamva zilankhulo za ku Pakistan, ku Bangladesh ndi ku Somalia, komanso Chiyao ndi Chichewa, pakuti kuseri kwa masitolo ambiri a nsalu kumakhala Amalawi akupalasa makina osokera. Mmodzi mwa iwo ndi telala wina wochokera ku Machinga, bambo wa ana atatu, amene amasoka makatani m'kachipinda ka kumbuyo kwa sitolo ina. Mdani wamkulu wa ntchito yake ndi khoswe. Khoswe akaboola mpukutu wa nsalu amapyoza mapindo ambiri nthawi imodzi, moti ukautambasula umapeza mabowo atandandalikana mtunda wonse. N'chifukwa chake kamwana ka mphaka katalowa m'chipindamo kuchokera kukanjira ka kuseri mu 2021, mwini sitolo sanakathamangitse. Telala ankakapatsa zotsala za nsomba za m'chitini, kanakula, ndipo makoswe anasamuka.

Vuto linayamba kumayambiriro kwa 2023, m'miyezi yotentha ya mvula. Mphakayo, amene tsopano anali wamphongo wa zaka pafupifupi ziwiri, ankakhala atagona bwinobwino pampukutu, kenako khungu la pamsana pake, chakufupi ndi mchira, n'kuyamba kugwedezeka lokha monga limachitira la ng'ombe ikamaingitsa ntchentche. Maso ankada bii, makutu n'kugona. Ankatembenuka mwaliwiro n'kuuyang'ana mchira wake ngati njoka imene yamulowera pogona, n'kuugwira ndi zikhadabo, n'kuuluma uku akulira. Pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri ankathawira pansi pa tebulo lodulira nsalu, ndipo akatulukako anali wofatsa ngati palibe chimene chachitika. Tsiku lina anadzivulaza kunsonga kwa mchira mpaka magazi, ndipo pothamanga anawaza madontho ofiira pansalu yoyera imene kasitomala anali atalipira kale.

Mwini sitolo anaweruza msanga. Anati mphakayo wasanduka wolusa, mtengo wa nsaluyo anaudula pamalipiro a telala, ndipo analamula kuti sabata ikamatha nyamayo isapezekenso pamalopo, pokhapokha ngati aidula mchirawo. Amalume ake a telala, amene amalondera malo oimikapo magalimoto chapafupi, anali ndi kuona kwawo. “Mphwanga,” anatero, “mphaka wabwinobwino salimbana ndi chinthu chosaoneka. Pali chimene akuona, chimene iwe ndi ine sitikuchiona. Kamutaye kutali, koma usamuphe ndi manja ako.” Mayi wina wa ku Chipata, amene amaphika nsima yogulitsa kwa anyamata a m'masitolo, ndiye anayankha mosiyana. “Atelala, chona uyu musamumenye. Mwana akamakanda m'mutu mpaka zilonda, kodi mumayamba ndi kumukalipira, kapena mumayamba mwamuyang'ana nsabwe?”

Mwini sitolo sanali wolakwa pa zonse, pakuti khalidwe limachititsadi amphaka ena kulimbana ndi michira yawo. Kamwana ka mphaka kamathamangitsa mchira wake pophunzira kusaka, ndipo masewera amenewo amadziwika: thupi limakhala lomasuka, kulira kulibe, magazi kulibe, ndipo chinthu china chikangodutsa kamaiwala za mchirawo. Akamakula, ambiri amasiya. Koma mphaka wamkulu woluma mpaka chilonda sakusewera. Ngati gwero lake lili m'khalidwe, kawirikawiri limakhala limodzi mwa zinthu zitatu. Choyamba ndi kusowa chochita, pakuti mphaka ndi mlenje amene akakhala pa ufulu amasaka kambirimbiri patsiku, ndipo akatsekeredwa m'chipinda chopanda chilichonse choyenda, mchira umatsala wokha ngati chinthu chogwedezeka. Chachiwiri ndi mkwiyo wosowa pofikira: amaona mphaka mnzake wamphongo kuseri kwa zitsulo za pawindo, n'kulephera kumufikira, n'kuluma chimene chili pafupi. Chachitatu ndi nkhawa yokhalitsa. Nyama ikasowa pothawira chinthu chimene chikuiopsa imayamba kudzinyambita kapena kudziluma kuti mtima ukhale pansi, ndipo zikabwerezedwa kambiri zimasanduka chizolowezi chimene sichidikiranso choyambitsa.

Pamenepa mawu akuti khalidwe ali ndi phunziro lawo. Tsinde lake ndi -khala, lomwe lijanso la pokhala ndi kakhalidwe. Wofuna kumvetsa khalidwe la nyama ayenera kufunsa kumene ikukhala ndi mmene ikukhalira. Chaka cha 2023 ndicho chimene kuzimazima kwa magetsi kunafika pachimake m'dziko la South Africa, ndipo masitolo a ku Fordsburg ankadalira majenereta. Jenereta ya sitoloyi inaikidwa pakhomo la kuseri, pafupi kwenikweni ndi pamene mphakayo ankagona, ndipo inkalira maola angapo pafupifupi tsiku lililonse. Chifukwa choopa akuba, khomo lomwelo analiikanso chitseko chachitsulo chokhala ndi sefa, moti mphaka amene kale ankatuluka usiku tsopano ankangonunkhiza amphaka anzake ali mkati. Mawu akuti khalidwe loipa mwini sitolo anawanena potseka nkhani, chikhalirecho anayenera kumutsegulira mafunso okhudza chipinda chake chomwe.

Koma mayi wa ku Chipata ndiye anagwira poyambira peniyeni, chifukwa madokotala a ziweto salola kunena kuti vuto ndi la khalidwe asanatsimikize kuti m'thupi mulibe chopweteka. Mchira wa mphaka uli ndi timafupa pafupifupi 20 ndi mitsempha yambiri, ndipo patsinde pake pamadutsa mitsempha imene imalamuliranso chikhodzodzo ndi njira ya chimbudzi. Mchira umene unapanidwa ndi chitseko kapena kukokedwa ndi mwana ukhoza kupola kunja koma mkati n'kumabayabe. Mphaka wothawa ndewu amalumidwa kumbuyo, ndipo dzino la mnzake limasiya kabowo kakang'ono kamene kamatsekeka msanga, mafinya n'kumasonkhana pansi pa khungu. Wamphongo wosathena nthawi zina amatuluka mafuta ochuluka pamwamba pa tsinde la mchira, ubweya n'kumatana, khungu n'kutupa. Timatumba tiwiri ta fungo timene tili m'mbali mwa njira ya chimbudzi tikatsekeka, mphaka amatembenukira komweko. Chipere chimayabwa, ndipo chimenechi chimapatsirana ndi anthu, makamaka ana. Mphaka wokalamba amadwalanso nyamakazi ya msana monga munthu.

Choyambitsa chofala kwambiri mwa zonsezi ndi chaching'ono kuposa zonse: utitiri, umene ena amautcha nthata. Amphaka ena thupi lawo limadana ndi malovu a utitiri, kotero kuti kulumidwa kochepa chabe kumawayabwa masiku ambiri, ndipo malo amene amayabwa kwambiri ndi kumunsi kwa msana ndi patsinde pa mchira. Mwini mphaka amalumbira kuti nyama yake ilibe utitiri chifukwa sauona, osadziwa kuti mphakayo amaumeza podzinyambita. Umboni umakhala timadontho takuda ta m'ubweya. Ukatipesera papepala loyera lonyowa n'kuona tikusungunuka mofiira, ndiye kuti ndi ndowe za utitiri, zimene ndi magazi ogayidwa. Utitiri waukazi umaikira mazira mpaka 50 patsiku, ndipo mazirawo sakhala pa mphaka. Amagwera m'ming'alu ya pansi, m'makatoni ndi m'zidutswa za nsalu, ndipo chipinda cha telala m'miyezi yotentha ya chinyezi ndi malo amene amaswa bwino. Utitiri womezedwa uja umabweretsanso njoka za m'mimba, zimene tizidutswa take timaoneka ngati njere za mpunga pansi pa mchira, n'kumawonjezera kuyabwa komweko.

Telala atavomereza kuti mwina ndi matenda, ngozi sinathe, inangosintha nkhope. Munthu wachifundo amaganiza zothandiza ndi zimene zili m'nyumba, ndipo m'thumba mwake munali Panado. Akanapanda kuyamba wafunsa, mwambi wa safunsa anadya phula ukanamukwanira. Paracetamol, amene ali mu Panado, chiwindi cha mphaka sichitha kumusungunula monga chimachitira cha munthu. Amaononga magazi kuti alephere kunyamula mpweya, nkhama zimasintha mtundu, nkhope imatupa, ndipo piritsi limodzi la mamiligalamu 500 likhoza kupha mphaka. Mankhwala a utitiri a agalu okhala ndi permethrin amachititsa mphaka kunjenjemera ndi kugwa ngati wa khunyu. Dettol ndi Jeyes Fluid, zimene anthu amathamangira potsuka chilonda, ndi poizoni kwa mphaka, chifukwa chilichonse chopakidwa pakhungu lake amachinyambita. Kudula mchira nakonso sikuchotsa gwero: ngati ululu ukuchokera pamsana kapena mu ubongo, mphaka amapitiriza kuluma chitsa chotsalacho.

Panalinso funso lina limene aliyense wokulira ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique sangaliphonye, ndilo la chiwewe. Nyama iliyonse imene yasintha mwadzidzidzi n'kuyamba kuluma iyenera kukayikiridwa, ndipo lamulo la South Africa limakakamiza kuti agalu ndi amphaka onse azilandira katemera wa matendawa. Chimene chinatonthoza pano n'chakuti nyama ya chiwewe zizindikiro zikayamba imafa pasanathe masiku pafupifupi 10, pamene mphakayu anali atatha masabata angapo akudya ndi kumwa bwinobwino. Ngakhale zili choncho, munthu wolumidwa kapena kukandidwa ndi nyama yokayikitsa ayenera kutsuka balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Madokotala a ziweto oima paokha mu Johannesburg ndi odula kwa munthu wa malipiro a telala, koma muli mabungwe othandiza nyama za anthu osowa, monga SPCA ku Booysens ndi Animal Anti-Cruelty League ku Regents Park, monganso mmene LSPCA imachitira ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre. Telala anapempha m'mawa umodzi, n'kuika mphakayo m'katoni yoboola timabowo, n'kukwera minibasi kupita ku chipatala cha bungwe lotere. Chanzeru chimene anachita chinali kujambuliratu kanema pafoni, pakuti mphaka akafika pamalo achilendo amangouma ndi mantha, osaonetsa chimene wabwerera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: kwa masiku atatu iye anali akulemba kuseri kwa buku la miyeso nthawi imene vutolo layamba ndi chimene chachitika lisanayambe.

Dokotala anayamba ndi chipeso, kenako anayang'ana khungu, n'kusindikiza msana fupa ndi fupa, n'kuyesa mchira wonse ndi timatumba tija. Anapeza ndowe za utitiri ndi chilonda chimene chinayamba mafinya. Anapereka mankhwala a utitiri opangidwira amphaka, a njoka za m'mimba, opha tizilombo ta pachilonda ndi ochepetsa ululu, n'kumuveka mphakayo kolala yapulasitiki yotambalala yomulepheretsa kufikira mchira. Anamubaya katemera wa chiwewe, ndipo chilonda chitapola anamuthena. Kwa masabata amenewo telala anamusunga kuchipinda kumene amagona, uku akusesa ndi kutaya zidutswa zonse zakale za kuntchito. Kukanda kunatha, ubweya unameranso, ndipo zikanathera pomwepo mayi wa ku Chipata akanapambana mlandu yekha. Koma atabwerera kusitolo, khungu la pamsana lija linayambanso kugwedezeka, ngakhale mwa apo ndi apo, makamaka jenereta ikalira kapena munthu akamusisita chakumchira.

Apa ndi pamene dokotala anatchula dzina la feline hyperaesthesia syndrome, kutanthauza vuto limene khungu la mphaka limamva kukhudzidwa mopyola muyeso. Linafotokozedwa koyamba m'mabuku a zachipatala cha ziweto mu 1980, limagwira kwambiri amphaka achinyamata, ndipo limatchulidwa kawirikawiri pa mitundu ya Siamese, Burmese, Abyssinian ndi Persian, ngakhale mphaka wamba nayenso amadwala. Palibe kuyeza magazi kumene kumalionetsa. Ndi dzina limene limaperekedwa zina zonse zikachotsedwapo, ndipo akatswiri mpaka lero amagawanika pa gwero lake: ena amati ndi ululu wa mitsempha, ena amati ndi mtundu wa khunyu, ena amati limayambira pakhungu, ndipo ena amati ndi chizolowezi chobadwa ndi nkhawa. Mu 2019 magazini ya Journal of Feline Medicine and Surgery inasindikiza kafukufuku wa amphaka 7 amene ankadzivulaza michira motere. Ngakhale anawayeza mozama, panalibe mmodzi amene gwero lake linatsimikizika kotheratu, koma ambiri anapeza bwino atapatsidwa mankhwala, makamaka gabapentin, amene amatonthoza mitsempha yopweteka. Olembawo analangiza kuti akatswiri a khungu, a mitsempha ndi a khalidwe aziona mphaka wotere mogwirizana. Kuyeza kotero kumapezeka m'malo onga Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto, koma telala sakanakwanitsa. Dokotala wake anamuyambitsa mphakayo pa gabapentin, n'kumuuza telalayo kuti theka lina la mankhwala lili m'manja mwake.

Theka limenelo linali kusintha pokhala. Anakhoma thabwa pamwamba pa mashelefu, kutali ndi khomo la jenereta, n'kuikapo katoni, chifukwa mphaka amamva kutetezeka akakhala pamwamba pomwe akuona zonse iye osaoneka. M'mawa asanayambe kusoka ndi madzulo asanatseke ankamuseweretsa ndi kansalu komangirira ku ndodo mpaka atatopa, kenako n'kumupatsa chakudya, kuti tsiku lake likhale ndi kusaka ndi kudya pa nthawi yodziwika. Anyamata a m'sitolo anawauza kuti asamamusisite kumunsi kwa msana, ndiponso kuti vutolo likayamba pasakhale wokuwa, womenya kapena womugwira, pakuti mphaka amene ali m'kati mwa zimenezi amaluma dzanja lililonse, ndipo chilango chimangowonjezera mantha amene akudyetsa vutolo.

Funso loti ndi khalidwe kapena ndi matenda limamveka ngati mphambano pamene munthu ayenera kusankha njira imodzi, koma mwa mphakayu ziwirizo zinali zolukana ngati chingwe. Utitiri unayambitsa kuyabwa, kuyabwa kunabala chilonda, chilonda chinaphunzitsa mitsempha kumva ululu msanga, ndipo phokoso ndi kutsekeredwa zinachititsa kuti kuluma kukhale chizolowezi chimene chinatsala utitiri utatha. Wochiza thupi lokha akanasiya chizolowezi, ndipo wolimbana ndi khalidwe lokha akanasiya nyama ikuyabwidwa. Chimene sichisintha ndi ndondomeko ya mafunso: loyamba ndi la ululu, lachiwiri ndi la pokhala, ndipo la mtima woipa wa nyamayo silifika n'komwe. Zimenezi si za amphaka okha. M'makomo ambiri mwana wokodza pogona kapena wongoti duu m'kalasi amalandira dzina la mwano kapena ulesi zaka zambiri asanaonedwe ndi dokotala, ndipo wa khunyu amayamba wapita kwa asing'anga kangapo. Liwu limene lasankhidwa tsiku loyamba ndilo limalamula kumene wodwalayo adzapititsidwe.

Mwini sitolo sanasinthe maganizo chifukwa cha mafotokozedwe a dokotala. Anasintha chifukwa m'masabata amene mphakayo kunalibe, makoswe anaboola mipukutu iwiri, ndipo iye mwini ndiye anayamba kufunsa kuti mlonda uja abwera liti. Amalume aja mpaka lero amati mankhwala achizungu angogoneka chinthucho, ndipo akalowa m'chipindamo sakhala moyang'anana ndi thabwa lija. Mwezi wa chipatala ndalama zopita ku Machinga zinaperewera, ndipo mayi a kunyumba anafunsa pafoni ngati zoona ana adikire yunifolomu chifukwa cha mphaka. “Amayi a ana,” anayankha telala, “mphakayo ndiye amalondera nsalu, ndipo nsaluyo ndi imene ikugula yunifolomu.” Kunali zii kwa kanthawi, kenako mayiwo anafunsa ngati akudya.

Mchira unapola, kungotsala kachigamba kopanda ubweya kunsonga. Mankhwala anawachepetsa pang'onopang'ono motsatira malangizo a dokotala, ndipo a utitiri amaperekedwabe pa nthawi yake, chilimwe ndi dzinja lomwe. Vutolo silinatheretu. Pamatha masabata angapo lisanaoneke, ndipo likabwera, telala amaliona msanga pakhungu la pamsana. Amachotsa phazi pa makina, n'kuuza anyamata kuti mchira wayambanso kumupweteka, n'kutenga ndodo ya kansalu ija n'kuikoka pang'onopang'ono pansi, cha patali ndithu, mpaka mphakayo atatsika kudzaigwira.